Pepala Lakuda la Profesa Meng

Ntchito ya ulonda ku Jebel Ali inkandikomera ine, ndisaname. Nditavula yunifolomu ya upolisi ku Balaka n'kubwera ku Dubai mu 2001, anzanga ankati ndikafa ndi dzuwa. Kufa kuti? Kanyumba kanga ka pageti kanali ndi makina oziziritsa, wailesi ndi mpando wozungulira. Mmwenye wa kukantini ankandisungira tiyi wa mkaka m'mawa uliwonse, moti mimba inayamba kutsogola ine n'kumatsatira pambuyo. Alonda anayi anali pansi panga, onse ankanditcha akulu Stafford. Milandu ndinkati ndinaisiya kumudzi, mpaka Lolemba lina la mwezi wa Malichi mu 2003.

Kampani yathu inkagulitsa mafani ndi mawailesi ochokera ku China. Mwini wake anali bwana Meng, munthu wa mtima wapachala koma wosasunga mangawa. Pamwamba pa nyumba yosungira katundu panali chipinda chimodzi chosagulitsa kanthu. Chimenecho chinali cha bambo awo, Profesa Meng, gogo wa zaka 78, amene anabwera kudzakhala ndi mwana wawo atanyamula mabokosi makumi anayi a mapepala. Moyo wawo wonse unathera pa kufufuza m'mene zilembo za Chitchaina zinkalembedwera zaka zikwi zitatu zapitazo, pa mafupa, pa miyala ndi pa miphika ya mkuwa. Tsopano maso anali kuwathera, ndiye ankafuna zonse zijambulidwe n'kulowa mu kompyuta iwo asanatsikire kulichete.

M'mawa umenewo basi ya antchito itangofika kuchokera ku kampu ya Sonapur, ndinaona bwana Meng ataima pageti, nkhope ili psuu. Amuna oposa makumi asanu anali kutsika, Amalawi, Amwenye, Apakistani. Bwanawo analoza Nason, wosesa wathu wa ku Ntcheu, n'kukuwa m'Chingerezi kuti aliyense amve.

"Wakuba ndi uyu! Stafford, mutsekere!"

Nason anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kuganiza kuti akunena wina.

"Ndikupita kudoko," anatero bwana Meng akulowa m'galimoto. "Ndikabwera folo koloko, pepala la bambo anga likapanda kupezeka ndiitana apolisi. Khalas!"

Khalas m'Chiarabu ndiye kuti nkhani yatha. Kuno munthu akakuitanira apolisi pa mlandu wakuba, nkhani yake ndi yachidule: ndende, viza kufafanizidwa, ndege ya kwanu, osadzabweranso. Ndinamuyang'ana Nason. Ndinamutengera m'nyumba yosungira katundu n'kumukhazika pa katoni.

* * *

M'chipinda cha profesa munkazizira ngati m'fuliji, chifukwa mapepala akale sagwirizana ndi kutentha. Ndinapeza gogoyo atakhala chete, manja ali pa pepala lakuda, laling'ono ngati tsamba la kope. Mapepala akudawa ndiwo anali chuma chenicheni. Kale mmisiri ankanyowetsa pepala lopyapyala, n'kuliphatika pa mphika wa mkuwa, n'kuligogoda ndi burashi mpaka litalowa m'mizere ya zilembo. Kenako ankalidinda ndi inki. Pepala lonse linkada, zilembo zokha n'kutsala zoyera.

Pambali pawo panaima bambo Tao, wothandiza wawo, mwamuna wa zaka makumi anayi ndi mphambu, waulemu mpaka kukwiyitsa. Anakulira m'nyumba ya profesa. Ndi anthuwa tinkalankhula Chingerezi chathu chothyokathyoka, pano ndangokuikirani m'Chichewa.

"Chabedwa n'chiyani, agogo?" ndinafunsa. "Pepala si ilo lili m'manja mwanu?"

"Ndipatse chala chako, mlonda." Anachigwira n'kuchiyendetsa pa pepalalo. "Ukumva chiyani?"

"Palibe. Ndi losalala."

Anatenga lina m'bokosi n'kuyendetsanso chala changa. Apa ndinamva timizere totukuka ngati mphini.

"Lenileni limakhala chonchi, chifukwa linagona pa mphika," anatero. "Ilo latuluka mu pulinta. Maso anga angapusitsidwe, koma zala ayi. Lachinayi masana ndinagwira lenileni."

"Simungapange lina pa mphika womwewo?"

"Mphikawo anausungunula kalekale. Zilembo zake makumi atatu ndi ziwiri zinatsala pa pepala limodzi lokha padziko lonse."

Bambo Tao anatsokomola pang'ono. "Sindikonda kuloza munthu chala, bambo Stafford. Koma makiyi a chipinda chino ali ndi aphunzitsi angawa, bwana Meng, ine, ndi wosesa. Wosesayo amalowa yekha m'mawa tonse tisanafike. Mwina wina wakunja anamunyengerera kuti atulutse lenileni n'kubweretsa ili. Pepani, ndi maganizo chabe."

Ndinkalemba pa kapepala, koma bolopeni inangotaya inki. Ndinakakwinya n'kukaponya m'bini. Bambo Tao anawerama msangamsanga n'kukatola.

"Pepani, muno pepala lolembedwa silitayidwa m'bini." Anakawongola, n'kukapinda kawiri zilembo zili mkati, n'kukaika m'dengu lansungwi lovundikira lomwe linali pakona.

"Ndi mwambo wakale wa kwathu," anatero profesa. "Zilembo sizipondedwa, sizisakanizidwa ndi zinyalala. Mwezi ukaoneka watsopano timaziwotcha mwaulemu. Mwana wanga amati ndi zachikale, iye amangotaya chilichonse."

Ndinapepesa n'kutuluka. Wotchi ya pakhoma inali itakwana kale teni koloko.

* * *

Nason ndinamupeza pomwe ndinamusiya, atakhala pa katoni ya mafani. Ndi munthu wolankhula pang'onopang'ono, ngati mawu aliwonse akuchita kuwayeza pa sikelo.

"Akulu, ine ndi Mulungu wanga. Mapepala amenewo sindiwakhudza. Ngakhale dengu lija anandiletsa, ndimangosesa mozungulira."

"Lachisanu munali kuti, aNason?"

Masiku amenewo Lachisanu ndilo linali tsiku lopuma, kampani yonse yotseka.

"Kukampu. Ndikanapita kuti ndi chimphepo chamchenga chija? Ngakhale kutchalitchi tinalephera. Ndinameta anthu asanu ndi awiri m'khonde. Funsani aFoster, funsani aDalton."

Ndinadziwa kuti bwana Meng angonena kuti Amalawi akubisana. Umboni wa abale ako kuno sulemera.

"Loweruka m'mawa mutalowa m'chipinda chija munaona chiyani?"

"Mchenga, akulu. Umalowera pa windo lija la kumpoto. Ndinayamba ndi sikana, makina ojambulira aja, monga mwa masiku onse. Chivundikiro chake chinathyoka, sichitseka bwino, ndiye galasi lonse linali mbuu." Anaima kaye. "Kupatula pakati."

"Pakati panali chiyani?"

"Panali malo oyera a ngodya zinayi, ngati munthu anaikapo kope n'kulichotsa. Ndinangopukuta. Ndinalakwa kodi?"

"Nanga m'mabini?"

"Munalibe kanthu. Ndinakhuthula Lachinayi madzulo, Loweruka ndinawapeza chimodzimodzi."

Ndikunyamuka anandigwira malaya. "Akulu, ntchito ikhoza kutha, munthu amalima. Koma kwathu kwa Ganya akamva kuti Nason wabwezedwa chifukwa cha kuba, ana anga aziyenda bwanji pamsewu?"

Mtima unandiwawa, abale inu. Panthawiyo ndinalibe chomulonjeza.

* * *

Wojambula mapepala pa sikana anali Stellah, mayi wa ku Zingwangwa amene anaphunzira za makompyuta ku Blantyre. Ameneyo pakamwa pake sipagwa ntchentche.

"Ankolo, ine musandiikemo, mwamva? Ine kiyi ndilibe, ndimalowa eyiti koloko, ndimatuluka faifi, khalas. Koma zomwe awachita aNason zandinyansa. Munthu woti akatola ndalama pansi amayenda nayo ofesi ndi ofesi kufunsa mwini wake!"

"Pepala labedwali unalijambula kale?"

"Mu Januwale. Taonani." Anatsegula pa kompyuta. Pepala lakuda lija linaoneka, m'mbali muli rula, pakona pali kapepala ka nambala. "Lamulo la agogo limenelo. Chilichonse chimajambulidwa ndi rula ndi nambala yake. Ndiye wakubayo sakanagwiritsa ntchito chithunzi changa, nambalayo yaphimba kona. Anachita kujambula yekha."

Ndinamupempha kuti ajambule labodza lija n'kulikulitsa, tiziyerekeze. Zithunzi ziwiri zinaima pamodzi. Stellah anaomba m'manja.

"Eee! Ankolo, taonani timadontho toyera ito! Pa changa palibe. Umenewu ndi mchenga wa pa galasi, walowa m'chithunzi. Ine sindinajambulepo pa galasi lakuda chiyambire. ANason amalipukuta mpaka umadziona nkhope."

Pamenepo mutu unayamba kugwira ntchito ngati kale ku Balaka. Wakuba anajambula Lachisanu, mchenga uli pa galasi. Ndipo anali munthu wosadziwa kuti galasilo limafuna kupukuta, chifukwa masiku onse ankalipeza loyera. Nason akanakhala iye, dzanja lake likanapukuta lokha.

"Palinso china," anatero Stellah akutsegula pulinta. "Inki yakuda ndinaika yatsopano Lachinayi. Loweruka ndinaipeza yatsala pang'ono, ndinkati mwina anatigulitsa yachinyengo. Pepala lopyapyala lija inki imafalikira, ankolo. Palibe munthu angatulutse labwino ulendo woyamba. Anayesa kasanu kapena kuposa."

"Ndiye kuti Lachisanu muno munalowa munthu."

"Nanga mlonda wanu anali kuti?"

* * *

Wa pageti Lachisanu anali Potiphar, Mzambia wa ku Lusaka, munthu wanthabwala koma waulesi wosaneneka. Ndinamupeza kuseri kwa kantini akudya chapati.

"Ba Stafford, nikuuzani zoona, kulibe munthu anangena. Onani buku, ili chabe mbee."

"Buku ndaliona, Potiphar. Koma Loweruka m'mawa nditafika, mchenga unali paliponse, mpaka pansi pa mpando wako. Malo amodzi okha anali osesedwa: njanji yomwe geti limayendapo. Geti lija silitseguka njanji ikadzaza mchenga. Iwe amene sungasese ngakhale pomwe wakhala, unasesa njanji chifukwa chokonda ukhondo?"

Chapati inaima m'njira. Anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja.

"Mudala, musanipishe nchito. Inabwela pikapu ya kampani, kuma ileveni. Yaliza huta kawiri, ine nasesa, natsegula. Manje kulemba mu buku na chimphepo chija? Awe. Ninaganiza ati ni ba bosi."

"Unaona nkhope?"

"Nkhope iti? Anamanga nsalu kumaso monga ise tonse siku ija. Anachoka kuma wanu koloko."

Pikapu imeneyo makiyi ake anali ndi anthu awiri okha: bwana Meng ndi bambo Tao. Nason ngakhale njinga amachita kukankha.

Ndinakhala pansi pa benchi. Apa ndiye khoswe anali atakhala pamkhate. Mmodzi mwana wa profesa, winayo woleredwa ndi profesa, ndipo ine mlonda wamba wokhala ndi viza ya kampani yomweyo.

* * *

Ndinabwerera m'kanyumba kanga n'kuitanitsa tiyi wina. Ine ndikamaganiza ndimafuna shuga. Funso linali limodzi: mapepala oonongeka aja, amene wakuba anayesera asanatulutse labwino, anapita kuti? M'bini munalibe. Kuwanyamula? Mwina. Ndinazungulira pa mpando wanga kangapo, kenako ndinakumbukira m'mene munthu wina anaweramira msanga kutola kapepala kanga kokwinyika.

Tiyi ndinamusiya osamaliza, chinthu chomwe sindinachitepo chibwerereni ku Dubai.

Bwana Meng anafika itatsala pang'ono kukwana folo, foni ili kale m'manja. Ndinawapempha mphindi khumi zokha. Tinakwera tonse, ine, iwo, Nason ndi Stellah. Ndinafotokoza za mchenga wa m'chithunzi, za inki, za pikapu. Kenako ndinatembenukira kwa profesa.

"Agogo, ndikupempha chilolezo chotsegula dengu lanu."

"Silitsegulidwa mpaka tsiku lowotcha," anatero bambo Tao mofatsa. "Kwatsala masiku awiri okha. Ndimawotcha ndine."

Profesa anatembenuzira nkhope kumene kunachokera mawuwo.

"Tsegula, mlonda."

Ndinagwada, n'kumatulutsa mapepala limodzilimodzi ndi manja awiri, kuopa kulakwira mwambo wa eni ake. Pamwamba panali kapepala kanga kaja. Pansi pake timakadi ta profesa tolakwika. Pansi penipeni panali mapepala asanu ndi awiri opyapyala. Ndinafunyulula limodzi: lakuda, inki itafalikira, zilembo zomwe zija makumi atatu ndi ziwiri. Onse anali opindidwa kawiri, zilembo zili mkati.

"Wakuba wakunja akanawang'amba," ndinatero. "Bwana Meng, pepani, inu mukanawaponya m'bini. ANason saloledwa kukhudza denguli, ndipo sayendetsa galimoto. Amene anaika awa ndi munthu woti ngakhale pamene akuba, dzanja lake silingataye zilembo m'zinyalala."

Profesa anatambasula manja, ndinawapatsa limodzi. Anayendetsa zala pa mipindoyo.

"Kupinda kotere ndinakuphunzitsa ndine, Tao, uli ndi zaka zisanu ndi zinayi."

Bambo Tao anavula magalasi.

"Lenilenilo lili kuchipinda kwanga ku Al Warqa, pakati pa matabwa awiri. Silinaonongeke." Mawu ankatuluka movutikira. "Aphunzitsi, munati tikamaliza kujambula, mabokosi onse apita ku nyumba ya mabuku ya yunivesite. Pepala lija analipanga ndi malemu bambo anga. Chidindo chawo chili pakona. Ndilibe chithunzi chawo, ndilibe kalata yawo. Ndinkati chithunzi cha mu kompyuta chikukwanirani."

"Ukanapempha," anatero profesa. "Ndikanakupatsa ndi manja awiri." Anapukusa mutu. "Za pepala ndakhululuka. Koma unaima pano m'mawa uno n'kuloza munthu wosalakwa. Zimenezo wokhululuka si ine."

Bambo Tao anayang'ana pansi. Stellah anatsonya mokweza, ndipo palibe anamuletsa.

Bwana Meng anaika foni m'thumba n'kumusisita Nason paphewa. "Chabwino, chabwino, zatha. Mawa usabwere, ukapume. Iwala, khalas."

Nason sanasunthe. Anayankha m'Chingerezi chake cha Sitandade 8, pang'onopang'ono monga mwa chizolowezi chake.

"Bwana, munanditchula wakuba pamaso pa anthu makumi asanu. Mukundiyeretsa pamaso pa anthu anayi."

Wosesa salankhula choncho kuno. Bwana Meng anafiira, anayang'ana wotchi, n'kunena kuti ali ndi foni yofunika ya ku Shanghai. Anatsika masitepe.

Profesa anafufuza ndodo yawo n'kuimirira.

"Mlonda, basi ya antchito imanyamuka nthawi yanji?"

* * *

Faifi koloko kunja kunali kukadatentha. Basi yathu inalibe zoziziritsa, mkati munkanunkha thukuta la tsiku lonse. Ndinawagwira mkono agogo aja pokwera, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Anthu ataona mutu wa imvi uja phokoso linatha.

Anaima pakati, dzanja limodzi pa ndodo, lina pa mkono wa Nason. Analankhula m'Chingerezi, ine ndikumasulira m'Chichewa, dalaivala akumasulira anzake m'Chiurdu.

"Munthu uyu sanabe kanthu. Wakuba anali wa m'nyumba mwanga. Mapepala anga zikwi zisanu ndi zitatu alowa mu kompyuta oyera chifukwa cha dzanja lake, ndipo ine sindinamufunsepo ngakhale dzina. Lero ndalidziwa. Ndi Nason. Banja langa lamulakwira."

Kenako anawerama pamaso pake, kuwerama kwenikweni, mpaka ndinaopa kuti agwa. Foster anayamba kuomba m'manja kumbuyo, basi yonse n'kulandira, Apakistani akumenya mipando. Inenso ndinaomba nawo m'manja ndi chimwemwe.

"Yalla, tiyeni, agogo atsike tizipita!" anakuwa dalaivala.

Nason anandinong'oneza: "Akulu, paja madzulo basi zimakhala ziwiri, yoyamba inanyamuka kale hafu pasiti folo. Theka la anthu a m'mawa aja sanamve."

"Akuti chiyani?" anafunsa profesa.

Ndinazengereza, koma ndinawamasulira.

"Anthuwo ali kuti tsopano?"

"Ku Sonapur, agogo. Ndi kutali, ola lathunthu ndi kuposa, ndipo m'basi muno mukutentha."

Gogoyo anapapasa mpando wapafupi n'kukhala, ndodo pakati pa miyendo.

"Uuze mwana wanga akanditenge kumeneko," anatero. "Nason, khala apa."

Ndinatsika n'kukatsegula geti ndekha. Basi ikudutsa ndinamuona Nason pawindo, misozi ili chuchuchu, akuwakupiza agogo aja ndi chidutswa cha katoni.